Kumatenti Tinatsala Awiri

Mpaka lero, agogo anga aamuna akandibwerera m'maganizo, chimayamba kufika ndi fungo la sulushoni womatira machubu a njinga, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za tsanya ndi kafungo kowawa ka tenti yakale imene dzuwa la m'chigwa cha Luangwa laiwotcha tsiku lonse. Ndimawaona atakhala pachitsa, beseni la madzi lili pakati pa mapazi awo, akuzunguza chubu pang'onopang'ono kuti aone pamene pakutuluka thovu, kwinaku akuyimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu awo osasa aja, amene a kwaya anawakana kalekale. Dzina lawo linali aYonamu Sakala, koma ine ndinkangoti ambuya, monga timaitanira agogo kwathu kuno.

Anali munthu wokonda anthu. Kumudzi kwathu kwakale, cha ku Kakumbi, m'mphepete mwa mtsinje wa Lupande, ankakonza njinga pansi pa mtengo wa msikidzi, ndipo pamalopo sipankatha anthu: antchito a m'maloji popita ndi pobwera, amayi ogulitsa nsomba, ndi madoda amene njinga analibe n'komwe koma ankabwera kudzasewera nsolo ndi kumva nkhani. Agogo aakazi, aNelesi, ankadandaula kuti amuna awo amakonza njinga imodzi n'kulankhula za njinga khumi. Ine ndinkakhala ndi awiriwa chifukwa bambo anga anamwalira ndili wakhanda, ndipo amayi ankachapa zovala za alendo paloji ina ku Chinzombo, kumene ankagona komweko n'kumabwera mwezi ukatha.

Kwathu mwana aliyense amadziwa kuti Luangwa ikadzaza, Lupande imasowa kotsanulira madzi ake, ndiye imabwerera m'midzi. Madzi oyamba amene ndimawakumbukira sanandiopse. Tinathawira kusukulu, tinagona m'makalasi, a boma anabweretsa ufa, nyemba, mabulangete ndi timabotolo ta mankhwala othira m'madzi akumwa, ndipo ife ana tinasangalala poona aphunzitsi athu akuyenda opanda nsapato. Madzi ataphwa tinabwerera kukazira nyumba zathu, moyo n'kupitirira.

Patapita zaka ziwiri anabweranso, ulendo uno atakwiya. Kunayamba mphepo imene wailesi inati yachokera kunyanja yaikulu kudzera ku Mozambique, kenako mvula yosadziwa kusiya. M'mawa wina tinadzuka madzi ali m'maondo, ofiira, ozizira, atanyamula zinyalala ndi maungu a eni ake. Ndinaona nkhokwe yathu ikupendekeka ngati munthu woledzera, kenako n'kugona. Agogo aakazi anakhalitsa m'madzimo akulimbana ndi kupulumutsa nkhuku, mpaka ambuya anachita kuwakoka. Anatichotsa ndi bwato la injini la asilikali, ine nditakumbatira pampu ya njinga imene ambuya anandipatsa kuti ndisataye.

Kusukulu kuja kunabwera mkulu wina wochokera kuboma, atavala jombo zatsopano. Analankhula mwaulemu, atavula chipewa.

"Makolo anga, boma silingamabwere ndi mabwato chaka ndi chaka pamalo amodzimodzi. Ulendo uno simubwereranso kumtsinje. Takupezerani malo okwera, kumene madzi sadzakupezani."

Anthu anang'ung'udza. Woyamba kuwomba m'manja anali ambuya. Iwo ankakonda chilichonse chatsopano, ndipo usiku umene tinagona m'kalasi anali atamva akazi awo akutsokomola.

Malole anatitengera pachitunda china chamiyala, kutali ndi mtsinje, chakunjira yopita ku Chipata. Tinapeza matenti oyera atandandalikidwa m'mizere, ndipo kuyambira tsiku lomwelo malowo anatchedwa Kumatenti. Banja lililonse analionetsa poloti yake. Pakati pa tchire anakhoma zikhomo zopaka penti yofiira, n'kumatiuza kuti apa padzakhala sukulu, apa chipatala, apa mjigo. Ambuya ankayenda pambuyo pa anthu a bomawo manja ali kumbuyo, akufunsa kuti msewu udzadutsa pati, chifukwa ankafuna kusankhiratu mtengo wokonzerapo njinga.

Chifuwa cha agogo aakazi sichinapole. Mlatho wopita kuchipatala unali utakokoloka, ndipo namwino amene ankabwera pagalimoto ya boma anawabaya jekeseni n'kulonjeza kubweranso, koma matenda anathamanga kuposa galimotoyo. Anamwalira masana, mutenti motentha ngati mu uvuni, ine ndikuwakupiza ndi chivindikiro cha ndowa. Ndinapitiriza kukupiza kwa kanthawi, osadziwa, mpaka ambuya anandigwira dzanja.

Manda akwathu anali pansi pa madzi. Akuluakulu anakhala pansi n'kumakambirana motsitsa mawu, ena akuti munthu saikidwa patchire pamene palibe makolo ake, ena akuti thupi silingadikire mtsinje. Ambuya anamvetsera mutu uli pansi, kenako anati:

"Boma lati pano ndi pamudzi. Ngati ndi pamudzi, aNelesi akhale oyamba kulowa m'nyumba."

Anawaika kumapeto kwa mapoloti, pansi pa mtengo wa tsanya. Nthaka inali yolimba moti achinyamata anathyola mpini wa piki asanamalize kukumba.

Chilimwe chimenecho anthu anayesetsa, zimenezo ndisawanamizire. Anaumba njerwa, anamanga nyumba, boma linagawa malata, ndipo galimoto ya madzi inkabwera kudzadzaza migolo. Kenako galimotoyo inayamba kudumpha masiku, mpaka inasiyiratu. Okumba mjigo anabwera ndi makina awo aphokoso, tonse tinaima mozungulira, madzi atatumphuka amayi anaimba nthungululu, koma woyamba kulawa analavula. Anali amchere. Sopo sankachita thovu, nyemba sizinkapsa, ngakhale mbuzi zinkanunkhiza n'kuchoka. Okumbawo anati adzabweranso kudzakumba pena. Chimanga chimene tinadzala pamiyala chinafika m'chiuno n'kuyamba kufiira, pamene kumtsinje kuja madzi anali atasiya dothi lakuda lonona, loti ngakhale mbewu yogwa mwangozi imamera.

Oyamba kuchoka anali amuna. Ankati akungopita kukalima kudimba, ndipo agona komweko kuti azithamangitsa njovu. Kenako amayi anatsatira kukawaphikira, kenako ana, chifukwa sukulu inali komweko. Pomaliza zinapita zitseko ndi malata, pangolo, m'mawa kwambiri, eni ake osayang'ana kumbali.

Omaliza kuchoka anali aLungu, mnzawo wa ambuya wa pansolo kuyambira ali anyamata. Anaimitsa ngolo pakhomo pathu.

"ASakala, tiyeni. Miyala sitidya."

"Pitani, aLungu. Ine ndidikireko mjigo wina uja anati abwera nawo."

"Mjigo? Inu mukukhulupirirabe zimenezo?"

Ambuya anapukuta manja pabuluku, n'kuyang'ana chakumtengo wa tsanya uja.

"Alamu anu aNelesi ankaopa kukhala okha ngakhale masana. Ndiwasiye ndi anyani?"

 ALungu anakhala pansi, anasewera nsolo kamodzi, analuza, n'kunyamuka.

Amayi anga anabwera kudzanyengerera ambuya, koma analephera. Paloji ana sankaloledwa, choncho anati ine ndikakhale kwa aLungu, pafupi ndi sukulu. Anandifunsa pamaso pa ambuya, amene ankanamizira kumanga sipoko ya wilo lopanda vuto lililonse. Ndinayang'ana msana wawo, ndinaona mmene malaya anali atawakulira, ndipo ndinati nditsala.

Umu ndi mmene tinatsalira awiri m'mudzi wa nyumba zambiri. Sindinadziwe kale kuti phokoso la mudzi ndi chinthu chimene munthu angachisowe ngati mchere. Kunalibe mtondo wolira kwa eni, kunalibe mwana wolira, tambala wathu akalira panalibe womuyankha, moti patapita nthawi nayenso anayamba kulira mwaulesi. Tinkangomva njiwa, mphepo ikuwomba chidutswa cha tenti chimene ambuya anafolera nacho khonde, ndi anyani akukangana pamiyala. M'mawa ambuya ankandikweza pakaliyala mpaka kusukulu, ulendo wautali wafumbi, ine nditagwira zigubu zopanda kanthu, ndipo iwo ankabwerera atazidzaza madzi abwino, akukankha njinga pachitunda. Masana ankabweranso kudzanditenga. Anzanga ankanditcha wa kumanda. Poyamba ndinkalira, kenako ndinangozolowera kudya ndekha kuseri kwa kalasi.

Njinga zokonza kunalibe. Ndiye ankamasula yawo yomwe, kuitsuka, kuipaka girisi, n'kuimanganso. Anakumba maenje a nsolo pansi pa mtengo, n'kumasewera mbali zonse ziwiri, ndipo ndinkawamva akukalipira mbali inayo kuti ikubera. Atandiphunzitsa, ankandilola kupambana mochita kuonekeratu, kuopa kuti ndingatope n'kusiya.

Koma ntchito yawo yeniyeni inali nyumba za anthu. Zimene eni ake anachotsa malata, iwo ankamweta udzu n'kufolera, imodzi imodzi, kuti mvula isagwetse makoma. Ankazula zomera pakhomo, kugwetsa chiswe, kutseka mazenera ndi minga kuti anyani asalowe. Ine ndinkawapatsira udzu ndili pansi, iwo ali padenga, thukuta likutsika m'khosi, akulankhula ndi eni nyumba ngati ali pomwepo. "Mwaswera bwanji, amake Tisa? Khoma lanu ili munamanga mothamanga." Tsiku lina nditatopa ndinawafunsa kuti tikuvutikiranji ndi nyumba za anthu amene anatithawa.

"Sanatithawe," anatero. "Anathawa ludzu. Mtsinje sunasamuke, Esinati. Udzawabweza."

Madzulo, dzuwa lisanalowe, ankapita kumtengo wa tsanya. Sankapemphera. Ankangokhala pansi n'kumafotokoza za tsikulo, kuti nkhuku yaikira, kuti mwana wakhoza masamu, kuti bondo lavuta. Nthawi zina ndinkawamva akuseka, ngati ayankhidwa.

Chaka china kunabwera galimoto ya boma. Munatsika mayi wachitsikana, wovala nsapato zosayenera miyala, ndipo anayang'ana uku ndi uku modabwa.

"Muli bwanji, bambo? Ine ndinauzidwa kuti pano pali mabanja ambiri."

"Alipo, mayi. Kungoti apita kumunda."

"Abwera nthawi yanji?"

"Madzi akabwera."

Mayiyo anaseka pang'ono, kenako anasiya. Ambuya anamupatsa mpando wa agogo aakazi, umene palibe ankakhalapo, anamuonetsa zikhomo zofiira zimene penti yake inali itasuluka, ndipo anamutungira madzi a pamjigo kuti alawe. Analawa, sanalavule, anameza. Anatiuza mosabisa kuti ndalama za mjigo wachiwiri zinapita kukakonza mlatho, ndi kukathandiza maboma ena amene nawonso anamizidwa chaka chotsatira.

"Ndikakanena, bambo, koma tsiku sindikulonjezani. Olonjeza anabwera kale."

Anakhala nafe mpaka dzuwa kupendeka, ngakhale dalaivala ankaliza hutala. Ambuya analankhula ngati munthu amene wakhala ndi njala, za njinga, za njovu, za mmene anakumanirana ndi akazi awo pachigayo. Galimoto itapita anaima panjira mpaka fumbi linatha. Miyezi yambiri pambuyo pake ankati akayamba nkhani, amayamba ndi mawu akuti, "Monga ndinamuuzira mwana wa boma uja." Mayiyo sitinamuonenso. Tinamva kuti anamusamutsira kwina.

Ndili giredi sikisi madzi anabweranso kachitatu. Ife pachitunda tinangoona mvula ndi mphepo, koma ambuya anadzuka m'mawa n'kuyamba kudula nkhuni zambiri. Chakumasana tinamva mawu. Poyamba ndinayesa anyani, kenako ndinamva mwana akulira. Anthu akwathu aja anatulukira panjira ali mumzere, matope mpaka m'ntchafu, akatundu pamutu, mbuzi pazingwe, okalamba atawakweza panjinga zophwa matayala. Ulendo uno sanadikire malole a boma. Ankadziwa kolowera.

Anapeza nyumba zawo zili chilili, zofoleredwa, pansi pouma. Amake Tisa anaima pakhomo pawo, anayang'ana denga, n'kukhala pansi kuyamba kulira. Ambuya ankathamanga uku ndi uku ngati mwini ukwati, bondo lija ataliiwala, akugawa moto, akuonetsa anthu pamene pali nkhuni, akukalipira ana kuti asamwe za pamjigo. A boma atafika ndi matenti anapeza ofuna matenti ndi ochepa. Anasiya ufa ndi nyemba, galimoto ya madzi inayambiranso kubwera, ndipo mkulu wina, wosiyana ndi woyamba uja, analankhula mawu ofanana ndi a woyamba uja.

Masabata amenewo ndi amene ndimawakumbukira ngati khirisimasi ya ubwana wanga. Utsi unkatuluka pakhomo lililonse, mitondo inkayankhana, pansi pa mtengo panali njinga zodikira ndi madoda okangana pansolo, ndipo ine ndinkasewera fulaye ndi atsikana omwe aja ankanditcha wa kumanda. Tsiku lina ambuya anandiitanira kuseri kwa nyumba. Nkhope yawo inali yovutika.

"Esinati, anthuwa ataya chimanga, ataya mbuzi, ena ataya zonse. Koma ine mtima wanga ukuyimba. Kodi limeneli si tchimo?"

Ndinati sindikudziwa. Kenako ndinawauza kuti wanganso ukuyimba. Iwo anangoti, "Basi, tisauze munthu."

Madzi anaphwa, dothi lakuda linaonekanso kumtsinje, galimoto ya madzi inayambanso kudumpha masiku. Ulendo uno anthu anachoka mwamanyazi. Ena ankasiya nkhuku pakhomo pathu, ena kathumba ka mtedza, ena ankangodutsa kuseri. Ambuya sanakwiyire aliyense. Anawapopera matayala onse, kwaulere, kuti ayende bwino. Tsiku limene banja lomaliza linapita sanadye, ndipo kumtengo wa tsanya anakhalako nthawi yaitali osalankhula kanthu.

Chaka chotsatira ndinakhoza mayeso a giredi seveni, n'kusankhidwa kusukulu yogonera komweko ku Chipata. Nditawauza anavina pabwalo, okhaokha, fumbi koboo. Ine sindinavine. Ndinati mwina ndidikire chaka chimodzi, mwina mjigo ubwera, mwina anthu abwerera. Aka kanali koyamba kundikalipira.

"Ine ndikulondera amene sangayende. Iwe miyendo uli nayo. Usandichititse manyazi kwa ambuya ako aakazi."

Anamanga sutikesi yanga pakaliyala, ndipo tinayenda wapansi mpaka kumsewu, iwo akukankha njinga, akundilangiza zinthu zosafunika, kuti ndisamabwereke sopo, kuti ndisamakhale pafupi ndi zenera la basi. Basi itanyamuka ndinakhala pafupi ndi zenera. Ndinawaona atatembenuza njinga, koma osakwera.

Anakhala okha pachitunda paja zaka zina ziwiri. Ndinkabwera patchuthi n'kuwapeza atachepa thupi, mawu atazolowera kunong'ona. Amayi ankawatumizira ufa ndi shuga, ndipo aLungu ankakwera chitunda kawirikawiri ndi njinga yophwa tayala. Ndi aLunguwo amene tsiku lina anapeza ambuya atagona pakhonde, thupi likutentha, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa galimoto. Ambuya anamwalirira kuchipatala, ine ndili m'kalasi ku Chipata. Mawu omaliza amene anauza amayi anali akuti asawaike kumtsinje.

Pamaliro mudzi wonse unakwera chitunda, madzi osawathamangitsa. Titachoka kumanda, aLungu anandikokera pambali, maso ali ofiira.

"Mdzukulu, njinga yanga ija sinkaphwa yokha ayi. Ndinkaibaya ndi munga ndikafika pafupi. Ndikanapita chimanjamanja akanati ndabwera kudzawamvera chisoni."

"Iwo sankadziwa?"

"Ankadziwa. Tsiku lina anati, aLungu, minga ya kwanu imabaya malo amodzimodzi."

Madzi anabweranso kachinayi ine nditamaliza sukulu. Pambuyo pake ndi pamene boma linakumba chitsime chabwino kumunsi, n'kuika pampu yoyendera dzuwa ndi mapaipi okwera mpaka pachitunda. Linamanganso makalasi. Madzi a m'mapaipiwo atafika, anthu anasamukira pachitunda okha, popanda wowalankhulira, ndipo kumtsinje amangopita kukalima. Lero Kumatenti kuli chigayo, kuli timagolosale, kuli ana amene sadziwa chifukwa chake mudzi wopanda tenti ndi imodzi yomwe umatchedwa choncho. Sindinganene kuti boma linatitaya, chifukwa nthawi zonse linkabwera ndi mabwato, ndipo popanda mabwatowo bwenzi ine kulibe. Kungoti linkafulumira madzi akachuluka, n'kuchedwa madzi akasowa, ndipo pakati pa kufulumira ndi kuchedwako panadutsa ukalamba wonse wa munthu mmodzi.

Ine tsopano ndimagwira ntchito pabwalo la ndege la Mfuwe, ndili ndi banja, ndipo nyumba yathu ili pamalo ouma. Mvula ikalimba masiku angapo, wailesi n'kuyamba kuchenjeza a m'mphepete mwa mitsinje, ndimachita mantha ngati wina aliyense, ndimaimbira foni abale kuwafunsa ngati achoka kumadimba. Koma ndikatsitsa foniyo ndimapezeka ndatulutsa mabulangete onse m'kabati, ndateleka madzi ambiri kuposa a banja lathu, ndipo khutu lili kunjira. Amuna anga amandifunsa kuti tikuyembekezera ndani. Ndimati palibe. Koma chitseko sindilola kuti atseke.